Diso lofiira lililonse akulipatsa tetracycline

Sabata ino yandilemera chifukwa cha mayi wina wa ku Vubwi, kum'mawa kwa Zambia, amene anafika Lachitatu ataphimba nkhope ndi chitenje, kuwala kukumulasa. Diso lakumanja lakhala likumupweteka kwa mwezi wathunthu. Pa kadi lake la kukiliniki analemba conjunctivitis (matenda wamba a maso ofiira) ulendo uliwonse, mankhwala ake tetracycline yemweyo.

Koma manthongo analibe, zikope sizinkamatana m'mawa. Kufiira kunazungulira cornea (kagalasi ka kutsogolo kwa diso), ndipo kamwana ka diso kanali kakang'ono, kopotoka m'mbali. Zimenezi tochi wamba amaonetsa. Pa slit lamp, makina ounikira m'diso, ndinapeza ma cell a kutupa ali mbwee m'madzi a kutsogolo kwa diso (anterior chamber), timadontho ta ma cell (keratic precipitate) kumbuyo kwa cornea, iris (mbali yozungulira kamwana ka diso) itamamatira kale ku lens ya kumbuyo kwake pafupifupi mbali zonse. Uveitis, kutupa kwa m'kati mwa diso, yosachita kufunsa.

Ndinati, "Amayi, munayamba liti kuona mwachimbuuzi?"

"Tikukumba nsawa, adokotala. Anandiuza kuti ndi fumbi."

Fluorescein, utoto woonetsa zilonda za pa diso, sanasonyeze chilonda, choncho tinayamba kudonthezera prednisolone acetate 1%, mankhwala ochepetsa kutupa, ola lililonse. Vuto linali atropine, mankhwala enanso odonthezera m'maso. Popanda iye kamwana ka diso sikatseguka, iris imapitiriza kumamatira, ululu nawo sutha. Ku pharmacy kulibe. Oda tinalemba kalekale, ndipo pa msonkhano wa Lolemba lililonse akuluakulu amangoti akubwera. Mwana wa mayiyu anakagula m'tauni ndi ndalama imene anasungira basi yobwerera kwawo. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa atropine si mankhwala odula oti chipatala chachikulu n'kulephera kusunga.

Monga mwa nthawi zonse tinayeza HIV, RPR (yoyezera chindoko) ndi X-ray ya pachifuwa poopa TB. RPR inatuluka positive, kuyeza kwachiwiri kunatsimikiza. Chindoko chikafika m'maso timachitenga ngati chalowa m'mitsempha ya ubongo: jakisoni mmodzi wa benzathine sakwanira, pamafunika benzylpenicillin wa m'mitsempha kwa masiku 10 mpaka 14. Tinawagoneka. Kuwafotokozera kuti bambo akunyumba abwere adzayezedwe kunatenga nthawi kuposa kuyeza diso lenilenilo, ndipo anayankha akuyang'ana pansi.

Namwino wa kukiliniki sindikumuimba mlandu. Ali yekha ndi sikelo, amayi oyembekezera, malungo, zonse pamutu pake. Mkwiyo wanga uli kwa amene anaimitsa maulendo athu a kumidzi ati kulibe mafuta, pamene galimoto yomweyo imapita ku ma workshop osaphonya. Ola limodzi ndi anzathu aja likanakwana kuwaonetsa kuti diso lofiira lopweteka, loopa kuwala, losaona bwino, ndi lotumiza msanga.

Masiku enawo anali a nthawi yokolola basi. Abambo okandidwa m'diso ndi tsamba la chimanga, mmodzi atadonthezera kale dexamethasone (mankhwala ochepetsa kutupa) wogula pa shopu, chilonda cha fungus chitakula, natamycin wochizira fungus naye kulibe. Ana oyabwa maso ndi vernal (matenda a allergy), agogo a mashingozi pamphumi, ndi mzere wa ng'ala wosatha.

Pofika Lachisanu ululu wa mayi aja unachepa, koma kamwana ka diso kanangotseguka mbali imodzi. Pressure ya m'diso tikuyeza tsiku ndi tsiku. Ikakwera chifukwa madzi a m'diso atsekeka, ndiwalembera kalata ya ku Lusaka kuti akawaboole iris ndi laser, ndipo ndalama ya ulendowo banjali lilibe.