Ndinapitira chitsime ku Aswan, ndinakapeza dzenje la pamwezi

Sitima ya usiku yochokera ku Cairo inandisiya pa siteshoni ya Aswan m'mawa wa pa 15 June 2024, ndipo nditangoponda pansi ndinamvetsa chifukwa chomwe anzanga ankandisekera nditawauza kuti ndikupita kummwera kwa Egypt mwezi umenewu. Mphepo yake inali ngati yotuluka mu uvuni. Kutentha kunkapitirira madigiri 40 tsiku lililonse. Komanso mawa lake kunali chikondwerero cha Asilamu cha Eid al-Adha, moti sitimayo inadzaza tho ndi anthu opita kwawo, katundu mpaka m'tinjira.

Chinanditengera kumeneko chinali chitsime. Kale mzinda wa Aswan unkatchedwa Syene, ndipo olemba akale ngati Strabo ananena za chitsime cha kumeneku chomwe, pa tsiku lalitali kwambiri pachaka, dzuwa likafika paliwombo limawala mpaka pansi pamadzi, osasiya mthunzi ngakhale pang'ono. Eratosthenes, mkulu wa laibulale yotchuka ya ku Alexandria, anadziwa kuti ku Syene mthunzi umasowa tsiku limenelo, pomwe kwawoko mtengo woimika unkakhalabe ndi kamthunzi kopendekeka ndi madigiri 7.2. Limenelo ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a chinthu chozungulira. Mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyi ankauwerengera kuti ndi masitadiya 5,000 (muyeso wa mtunda wa Agiriki akale), ndiye iye anangochulukitsa ndi 50 n'kupeza 250,000, kukula kwa dziko lonse kulizungulira. Ankachita izi cha m'ma 240 BC, ali pampando wake. Ine ndinkafuna kukaima pamalopo ndi miyendo yangayi.

Ndinapeza malo ogona pa chilumba cha Elephantine, pakati pa mtsinje wa Nile. Umawoloka pa kaboti polipira timapaundi tochepa, ndipo mphindi zisanu zisanathe phokoso la mumzinda latsalira kumbuyo. Kulibe galimoto. Kuli midzi ya Anubia, nyumba zopaka utoto wa buluu ndi wachikasu, tinjira topanikizika, ndi mbuzi zomwe sizipatukira munthu.

Usiku woyamba m'chipinda simunagoneke, ndinakwera padenga. Pamenepo ndinapeza bambo wina wachikulire, mlendo mnzanga, atawerama pa telesikopu yaing'ono yokhala pa miyendo itatu. Anapuma pantchito ya uphunzitsi ku Alexandria, ndipo aliyense panyumbapo ankangowaitana kuti ustaz, kutanthauza aphunzitsi. Nditawafotokozera za ulendo wanga anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, wayenda ulendo wonsewu kufuna Eratosthenes m'chitsime? Tabwera, ali kumwambaku."

Mwezi unali utangopitirira theka. Anandiuza kuti ndiyang'ane pamzere pomwe kuwala kumakumana ndi mdima, nditsate mapiri okhota ngati chikwakwa otchedwa Montes Apenninus mpaka pomwe athera. Ndinavutika kaye, diso likutuluka misozi, chithunzi chikunjenjemera chifukwa cha kutentha kochokera m'makoma. Kenaka ndinaliona: dzenje lotchedwa Eratosthenes, lozungulira bwinobwino, m'kati muli bii, mkombero wake wa mbali imodzi ukuwala ngati mlomo wa kapu, ndipo pakati penipeni kansonga ka phiri katangolandira dzuwa. Pamaso linkaoneka ngati kambewu, koma m'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 59, ndipo kuya kwake kumaposa makilomita atatu ndi theka. Linakumbidwa ndi chimwala chochokera mumlengalenga zaka pafupifupi 3.2 biliyoni zapitazo. Akatswiri a miyala anafika potchula nyengo yonse ya mbiri ya mwezi, kuyambira nthawi imeneyo kufika zaka 1.1 biliyoni zapitazo, ndi dzina la dzenje lomweli.

Ndinafunsa kuti, "Nanga anamupatsa dzenjeli ndani, ustaz?"

Nkhaniyo inatitengera matambula awiri a tiyi. Mu 1651, ku Bologna m'dziko la Italy, wansembe wa chipani cha Jesuit, Giovanni Battista Riccioli, anatulutsa buku lotchedwa Almagestum Novum. M'menemo munali mapu a mwezi omwe anajambula mnzake Francesco Maria Grimaldi. Malo akuluakulu akuda aja anawatcha nyanja n'kuwapatsa mayina a nyengo ndi zina zotero, monga Mare Imbrium, nyanja ya mvula, ngakhale kulibe dontho la madzi. Maenje anawagawira anthu omwe anaphunzira zakumwamba. Agiriki akale ambiri anawaika moyandikana chakumpoto, n'chifukwa chake Eratosthenes ali kufupi ndi Archimedes, yemwe ali moyo ankamulemberadi makalata. Riccioli ndi Grimaldi sanadziiwale, anadzisungira maenje awo m'mphepete chakumadzulo. Bungwe la International Astronomical Union litakhazikitsa mndandanda wovomerezeka mu 1935, mayina ambiri a Riccioli anatsala momwemo.

Chomwe chinandiseketsa n'chakuti Riccioli m'buku lakelo anakana zoti dziko limazungulira dzuwa, koma Copernicus, mwini ganizolo, anamupatsa limodzi mwa maenje okongola kwambiri, la makilomita 93, pafupi pomwepo ndi la Eratosthenes. Ine ndimaona ngati wansembeyo mtima wake unali kwina, cholembera kwina. Ndipo zikuoneka kuti Eratosthenes kukhala wachiwiri ndi tsoka lake: anzake ankamutcha Beta, chilembo chachiwiri cha Chigiriki, ati pa chilichonse ankatsatira katswiri wina. Munthu wobadwira ku Cyrene, komwe pano ndi ku Libya, woyeza dziko ndi mthunzi, wotulukira njira yosefera manambala osagawika (ma prime number) yomwe ana a sukulu akuphunzirabe, koma mpaka pamwezi anamuika pambali pa wina wowala kumuposa.

Masiku otsatirawo ndinkatuluka m'mamawa basi. Ndinaona mabwinja a kachisi wa Khnum, mulungu wa Aiguputo akale, ndinatsika masitepe a miyala a nilometer, pomwe ankayezera kusefukira kwa Nile kuti adziwe zokolola ndi msonkho wa chaka chimenecho. Mizere yake ikuonekabe pakhoma, koma chimangireni damu lalikulu la Aswan, lomwe linatha mu 1970, mtsinjewo sukweranso ngati kale. Wotiperekeza wina anandilozera dzenje lomangidwa ndi miyala nati chitsime chija ndi chimenechi. Ndinamuthokoza, ndinajambula, koma mtima sunagunde.

Pa 21 June, m'nyengo ya tsiku lalitali kwambiri lija, ndinabwereka mpini wa tsache wotalika pafupifupi mita imodzi, n'kuuimika padenga paja, ustaz akuuwongola ndi chingwe chomangirira kiyi. Simenti inkawotcha kudutsa m'nsapato. Kutatsala mphindi khumi kuti 1 koloko ikwane, mthunzi unafupika, unafupika, mpaka unatsala kachidutswa kochepa kuposa chikhadabo, kobisala m'tsinde mwa mpiniwo. Sunatheretu. Aswan ali pang'ono kumpoto kwa mzere wa Tropic of Cancer, pomwe mthunzi umatheratu pa tsiku lalitalilo, ndiponso sali kummwera kwenikweni kwa Alexandria, wapatukira kummawa. Eratosthenes analakwitsa pang'ono apa ndi apo, komabe yankho lake silinapite patali ndi makilomita 40,000 omwe tikuwadziwa lero.

Usiku womwewo mwezi unatuluka wathunthu kutsidya kwa mtsinje, mbee. Ndinathamangira pa telesikopu kuti nditsanzike dzenje langa. Ndinatsata mapiri aja mpaka kumapeto, ndinabwerera, ndinayambanso. Kulibe. Copernicus yekha ndiye ankanyezimira, mizere yake yoyera itamwazikira mbali zonse mpaka kudutsa pomwe ndinkafunapo.

"Ustaz, kodi mwaisuntha?"

"Sindinaigwire," anatero akuthira tiyi. "Mizere yoyera ya dzenje lakolo inafufutika kalekale, ndi lokalamba. Limaoneka ndi mthunzi basi. Ndiye pano kumeneko dzuwa lili paliwombo."