Zimene ndinaphunzira potsata mbiri ya Black Stars ya dziko la Ghana

M'chigawo chino cha maphunziro athu a mbiri ya Africa, mphunzitsi wathu anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe bungwe limodzi la m'dziko limene linalandira ufulu wodzilamulira, ndipo alitsate kuchokera pamene linayambira mpaka lero. Anzanga ambiri anasankha zipani, mabanki ndi masukulu a ukachenjede. Ine ndinasankha timu ya mpira wamiyendo ya dziko la Ghana, yotchedwa Black Stars, ndipo ndivomere kuti ndinaisankha poganiza kuti ntchitoyo ikhala yopepuka chifukwa ndinkadziona ngati munthu woidziwa kale. Zoona zake n'zakuti zonse zimene ndinkadziwa zinali za usiku umodzi wokha, wa pa 2 Julayi 2010, pamene Ghana inasewera ndi Uruguay pampikisano wa World Cup, umene ndinauonera m'kanyumba koonetseramo mpira pamsika wakwathu, titathithikana pamabenchi, jenereta ikulira kuseri kwa khoma.

Choyamba chimene ndinachita chinali kujambula tebulo papepala lalikulu, chaka ndi chaka, n'kumalemba ndi inki yakuda zaka zimene timuyi inatenga chikho cha Africa, ndipo ndi inki yofiira zaka zimene inagonja mundime yotsiriza. Inki yakuda inagwira ntchito kanayi: 1963, 1965, 1978 ndi 1982. Yofiira inagwira kasanu: 1968, 1970, 1992, 2010 ndi 2015. Kumbali ndinasiya danga la mpikisano wa World Cup, ndipo dangalo linakhala lopanda kanthu mpaka 2006. Nditaliyang'ana pepalalo patali ndinaona chinthu chimene sindinachiganizirepo, chakuti zikho zonse zili kumtunda kwa tebulo, maulendo onse a ku World Cup ali kumunsi, ndipo ziwirizi sizikumana paliponse. Funso la nkhani yanga, lakuti n'chifukwa chiyani zili choncho, linachokera pamenepo.

Kumtunda kwa tebuloko kuli Kwame Nkrumah. Ghana inalandira ufulu pa 6 Malichi 1957, ndipo nyenyezi yakuda imene ili pambendera yake, yomwenso inapatsa timuyi dzina, imakumbutsa kampani ya sitima zapamadzi ya Black Star Line imene Marcus Garvey anayambitsa ku America mu 1919. Nkrumah sankauona mpira ngati masewero wamba. Ankafuna kuti timu ya anthu akuda, yophunzitsidwa ndi munthu wakuda, izigonjetsa matimu ena pamaso pa dziko lonse, ndipo ntchito yokonza zimenezi anaipereka kwa Ohene Djan, amene anali mkulu woyang'anira zamasewero m'boma. Anakhazikitsa kalabu yatsopano yotchedwa Real Republikans, imene inatenga osewera aluso kwambiri kuchokera m'makalabu ena kuti azisewera limodzi sabata ndi sabata, n'cholinga choti akamavala yunifolomu ya dziko akhale odziwana kale. Ochemerera makalabu akale ngati Asante Kotoko ya ku Kumasi sanakondwe nazo, ndipo ndikuwamvetsa, chifukwa palibe amene amasangalala mwana wake womulera yekha akamatengedwa mwalamulo. Koma zipatso zake zinaoneka msanga. Mu Ogasiti 1962, timu ya Real Madrid, imene panthawiyo inali itatenga kale chikho cha ku Ulaya kasanu, inafika ku Accra ndipo inafanana mphamvu ndi Black Stars, zigoli 3 kwa 3.

Apa m'pamene nkhaniyi inandikhudza monga Mmalawi. Mu Okotobala chaka chomwecho cha 1962, Black Stars inasewera ndi timu ya Nyasaland ndipo inaikuntha ndi zigoli 12 kwa 0, kugonja kumene mpaka lero kumawerengedwa kuti n'kwakukulu kuposa kwina kulikonse m'mbiri ya timu yathu. Poyamba ndinachita manyazi, kenako ndinaona kuti manyaziwo n'ngosafunika, chifukwa kumeneku kunali kukumana kwa timu yokonzedwa ndi boma la dziko lodzilamulira ndi timu ya dziko limene linali lidakali m'manja mwa atsamunda. A ku Kenya nawonso analawa chibakera chomwecho ku Nairobi mu 1965, pamene anagonja 13 kwa 2. Ndipo ubale wa maiko athu awiriwa sunali wa pabwalo pokha, pakuti Dr. Hastings Kamuzu Banda anakhala ku Kumasi akugwira ntchito ya udokotala kuyambira 1953, asanabwerere kumudzi mu Julayi 1958.

Mphunzitsi wa timuyi panthawiyo anali Charles Kumi Gyamfi, amene anasewerako ku Fortuna Düsseldorf ku Germany asanabwerere kwawo. Mu 1963 anatenga chikho pakhomo atagonjetsa Sudan 3 kwa 0, ndipo mu 1965 anakachitenganso ku Tunisia atagonjetsa eni bwalo 3 kwa 2 m'mphindi zowonjezera. Ndiyenera kunena chilungamo chimene ochemerera ambiri sakonda kuchimva, chakuti mipikisano iwiriyi inali ya matimu asanu ndi limodzi okha, ndipo wopambana ankasewera masewero atatu basi, pamene lero matimu ndi 24 ndipo wotenga chikho amasewera kasanu ndi kawiri. Izi sizichepetsa ulemu wa Gyamfi, koma wophunzira mbiri sayenera kuika zikho za nyengo zosiyana pasikelo imodzi ngati matumba a chimanga.

Chimene chinanditengera nthawi yaitali kwambiri ndi chaka cha 1966. Timu imene inali katswiri wa Africa kawiri motsatizana sinapite ku World Cup ya ku England, ndipo sikuti inagonja mundime yachipulula ayi, koma inakana kusewera. Bungwe la FIFA linali litapereka malo amodzi okha oti azilimbirana maiko a ku Africa, Asia ndi Oceania onse pamodzi, pamene Ulaya anali ndi malo khumi. Ohene Djan anali mmodzi mwa atsogoleri amene anatsutsa zimenezi poyera, ndipo maiko a mu Africa ananyanyala onse. Malo aja anatengedwa ndi North Korea, imene inakagonjetsa Italy 1 kwa 0, ndipo amene anamwetsa zigoli zambiri pampikisanowo anali Eusébio, wobadwira ku Lourenço Marques ku Mozambique, akusewerera Portugal. Kunyanyalako kunaphula kanthu, chifukwa kuyambira 1970 Africa inapatsidwa malo akeake, koma amene anakhala pamalowo anali Morocco, ndipo Ghana inadikira zaka 40 chichitikireni kunyanyalako. Osewera ngati Osei Kofi, amene anali pachimake pa luso lawo m'zaka zimenezo, ndiwo analipira mtengo wa chigamulochi, ndipo anakalamba osapondamo m'bwalo la World Cup. Ndimaona kuti chigamulocho chinali cholondola, komabe sindingathe kuchiyamikira popanda kuganizira anyamata amenewo.

M'chaka chomwecho, pa 24 Febuluwale, asilikali analanda boma Nkrumah ali paulendo wa ku Asia. Real Republikans inathetsedwa, ndipo ngakhale timu ya dziko inafikabe mundime yotsiriza mu 1968 ndi 1970, n'kugonja 1 kwa 0 kawiri konse, inalephera ngakhale kudzigulira malo m'mipikisano ya 1972, 1974 ndi 1976. Nditafika pamenepa ndinalemba mosangalala kuti ndapeza yankho, lakuti Ghana inkapambana chifukwa cha Nkrumah ndipo inagwa iye atagwa. Mphunzitsi wanga anabweza pepalalo atazunguliza manambala awiri, 1978 ndi 1982, ndipo m'mphepete analemba funso lalifupi lakuti, "Nanga izi wazisiyira yani?"

Anali ndi mfundo. Chikho cha 1978 chinabwera mu ulamuliro wa asilikali wa Acheampong, chuma cha dziko chili pamavuto aakulu, pamene timu ya Fred Osam-Duodu inagonjetsa Uganda 2 kwa 0 ku Accra ndi zigoli ziwiri za Opoku Afriyie, ndipo pokhala kuti kunali kupambana kwachitatu, Ghana inasunga chikhocho mpaka kalekale. Cha 1982 chinabwera patangopita miyezi yochepa Jerry Rawlings atalanda boma, Gyamfi atabwereranso, ndipo anagonjetsa eni bwalo a Libya pamapenate, 7 kwa 6, m'timumo muli kamnyamata ka zaka 17 kotchedwa Abedi Pele. Ndinayenera kukonza ganizo langa. Chimene matimu anayi opambanawa akufanana si mtsogoleri wa dziko, koma kuti onse anali ndi mphunzitsi wa ku Ghana komweko, ndipo osewera ambiri ankasewera m'makalabu a pakhomo, kumene ligi inali yamphamvu ndipo anthu ankadziwana kaseweredwe.

Kumunsi kwa tebulo zinthu zatembenuka. Kuyambira m'ma 1980 osewera abwino anayamba kupita ku Ulaya, ndipo Ghana inatulutsa akatswiri otchuka kuposa kale. Abedi Pele anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 1991 mpaka 1993, ndipo anatenga chikho cha Ulaya ndi Marseille, pamene Tony Yeboah anatsogola pomwetsa zigoli muligi ya ku Germany kawiri. Matimu achisodzera anatenga chikho cha dziko lonse cha osapitirira zaka 17 mu 1991 ndi 1995, ndipo mu 1992 Ghana inakhala dziko loyamba la mu Africa kupata mendulo ya mpira wamiyendo ku Olympics. Komabe Abedi ndi Yeboah sanasewerepo World Cup. Ku Dakar mu 1992, Abedi anaonera ndime yotsiriza ali kunja chifukwa cha makadi achikasu, ndipo Côte d'Ivoire inapambana pamapenate, 11 kwa 10.

Za 2006 ndingodutsa mwachangu: ulendo woyamba, anagonjetsa Czech Republic ndi United States, anatulutsidwa ndi Brazil 3 kwa 0. Koma usiku uja wa 2010 wa ku bwalo la Soccer City ku Johannesburg ndinauoneranso pafoni, ulendo uno ndili ndi cholembera m'manja. Sulley Muntari wa Ghana anachinya chakutali, Diego Forlán wa Uruguay anabweza, ndipo m'mphindi yomaliza yeniyeni ya nthawi yowonjezera Luis Suárez anatchinga ndi manja mpira wa Dominic Adiyiah pamzere wa golo. Woyimbira anapereka khadi lofiira ndi penate, ndipo Asamoah Gyan anamenyetsa chitsulo chapamwamba. M'kanyumba kathu kaja munangoti zii, kupatula bambo wina amene anavula chipewa n'kuchiponya pansi. Chimene ndinali nditaiwala n'chakuti patangopita mphindi zochepa, Gyan yemweyo ndiye anayamba kumenya penate ya Ghana pamapenate othetsa mlandu, ndipo anachinya. Anaphonya ndi ena awiri, ndipo Uruguay inadutsa 4 kwa 2. Munthu amene ambirife timamukumbukira ndi chitsulo chija ndiye wamwetsa zigoli zambiri m'mbiri ya dziko lake, 51, ndipo zigoli zake 6 za ku World Cup zinaposa za wosewera wina aliyense wa mu Africa amene anasewera iye asanabwere kapena m'nthawi yake.

Anthu amakonda kunena kuti Ghana ili ndi tsoka la mapenate, ndipo umboni wake sasowa. Pampikisano wa chikho cha Africa wa 2012 Kennedy Mweene wa Zambia anagwira penate ya Gyan mundime ya matimu anayi Emmanuel Mayuka asanachinye, mu 2015 Ghana inatsogola 2 kwa 0 pamapenate koma n'kugonja 9 kwa 8 kwa Côte d'Ivoire yomweyo, ndipo mu 2022 André Ayew anaphonyanso pamaso pa Uruguay. Ine mawu akuti tsoka sindinawalembe m'nkhani yanga. Timu imene inafika mundime ya matimu anayi ya chikho cha Africa kasanu ndi kamodzi motsatizana, kuyambira 2008 mpaka 2017, siinali yatsoka, ndipo zimene zinaifooketsa zinachitika poyera. Ku Brazil mu 2014 osewera anakangana ndi akuluakulu pankhani ya malipiro, mpaka boma linatumiza pandege ndalama zokwana madola pafupifupi 3 miliyoni, ndipo Muntari ndi Kevin-Prince Boateng anabwezedwa kumudzi masewero omaliza a m'gulu asanachitike. Mu 2018 kafukufuku wachinsinsi wa mtolankhani Anas Aremeyaw Anas anaulula ziphuphu m'mpira wa dzikolo, ndipo utsogoleri wa bungwe loyendetsa mpira unagwa. Zotsatira zake zinaoneka pabwalo, m'mipikisano ya chikho cha Africa: anagonja kwa Comoros 3 kwa 2 kumayambiriro kwa 2022, anataya zigoli ziwiri m'mphindi zomalizira kwa Mozambique mu Januwale 2024 n'kutuluka mundime ya m'magulu, ndipo mpikisano wa 2025 sanaupezere malo n'komwe, koyamba chichokereni 2004.

Nkhani yanga ndinapereka sabata yatha, ndipo m'mphepete mwa tebulo lija ndinawonjezamo mzere umodzi umene mphunzitsi sanaufunse. Mu Okotobala 2012, patatha zaka 50 chichitikireni zigoli 12 zija, Black Stars inabwera ku Lilongwe kudzalimbirana ndi Flames malo a mpikisano wa 2013, itapambana kale 2 kwa 0 ku Accra. Inapambananso, koma ndi chigoli chimodzi chokha. Amalume anga, amene anamvera masewerowo pawailesi, nditawauza za 1962 anakana kwamtuwagalu kuti zimenezo sizinachitike, mpaka ndinawasonyeza pepala, ndipo atayang'ana nambala ija kwa kanthawi anandifunsa ngati goloboyi wa tsikulo anabwereranso pagolo.