Mabezi a ku Malangalanga

Chinkhoswe cha mlongo wanga chitayandikira, amalume anagawa ntchito, ine n'kugweredwa ya zoimbira. DJ anatchula mtengo wondiumitsa pakhosi, ndiye ndinati bola ndigule sipika yangayanga, izidzathandizanso pa maukwati ena. Pa Facebook ndinapeza mnyamata akugulitsa chisipika chachikulu, akuti chochokera ku Joni, changogwira ntchito miyezi iwiri. Katundu wa pa Facebook sapitirira miyezi iwiri, kaya amapangana.

Anati nditumize kaye theka pa Airtel Money kuti asagulitse kwa wina. Ndinakanitsitsa. Mwana wa ku Kawale satumiza ndalama kwa munthu yemwe wangomuona pa chithunzi. Tinapangana zokumana ku Malangalanga kuti ndikadzimvere ndekha.

Anandilowetsa m'kashopu kodzaza mawailesi akufa ndi mawaya. Atangolumikiza foni yake, nyimbo inaphulika. Mabezi ake, abale inu, mpaka malata kunjenjemera! Nditati tiyese ndi foni yanga, anapukusa mutu.

"Achimwene, Bluetooth yake imazolowera foni imodzi. Mukafika kunyumba ikakuzolowerani."

Poinyamula ndinangotsala pang'ono kuthyoka msana.

"Ndi maginito amenewo, bwana. Yeniyeni imadziwika ndi kulemera."

Ndinawerenga ndalama, wakabaza n'kuimangirira ndi mphira, ine pambuyo ndikumwetulira msewu wonse.

Kunyumba ndinaitana ana a aneba kuti adzavine. Kuyatsa, kagetsi kabuluu kanawala bwinobwino. Mawu, zii. Ana anadikira ataima, kenako kamodzi n'kufunsa ngati nyimboyo ndi ya mumtima. Foni ya mnyamata uja inali itasiya kale kupezeka.

M'mawa mwake ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza mawailesi ku Biwi. Asanaigwire n'komwe analoza masikuluwu: onse okalikakalika, kusonyeza kuti yatsegulidwapo kangapo. Atatsegula tinapeza njerwa zootcha ziwiri, zokulungidwa m'nyuzipepala, zomangidwa ndi waya mwaluso kuti zisagwedere. Ampulifaya mulibe, maginito anazula, anangosiya kawaya ka kagetsi kaja.

"Nanga mabezi ndinamva aja, bambo?"

"Pansi pa kauntala munasuzumirapo? Sipika yakale timayesa ndi foni yathu, itaima payokha pabwalo, n'kuisiya iimbe mpaka itenthe. Koma njerwazi ndi zabwino, musataye."

Ndinakongola ndalama n'kubwerera kwa DJ yemwe uja, amene tsopano anali atakweza mtengo. Pa tsikulo anaimika chisipika changa pambali pa zake kuti zioneke zambiri. Perekaniperekani ali mkati, azakhali a ku Mchinji anandikodola, manja ali kumakutu.

"Iwe, kachotse chachikulucho. N'chimene chikutigonthetsa m'kutu kuyambira m'mawa."