Masiku 30 a abwana

Mtima sunakhazikike chichokereni ku ntchito, ndiye bola ndilembe. Masana ano ndimakonza mbali yolowera mu pulogalamu yathu ya pa intaneti, ija tikupanga ndi Django (chida chopangira mapulogalamu otere), abwana n'kudzaima kumbuyo kwa mpando wanga. Atayang'ana pa sikirini kwa kanthawi anati, "Muikemo zoti munthu aliyense azisintha pasiwedi pakatha masiku 30. Komanso ineyo ndizitha kuona mapasiwedi a anthu, kuti wina akaiwala ndizingomuuza."

Ndinayamba ndi chachiwiricho. Ndinati, "Bwana, ngakhale ine amene ndikupanga pulogalamuyi sindingawaone." Django sisunga pasiwedi momwe munthu wailembera, imaipera kaye ndi njira yotchedwa PBKDF2, ndipo kuchokera pa zoperazo simungabwererenso ku pasiwedi ija. Anandiyang'ana ngati ndikuwabisira kanthu. Ndiye ndinawakumbutsa za RockYou, kampani imene mu 2009 inabeledwa mapasiwedi opitirira 32 miliyoni chifukwa onse anali atasungidwa momwe anthu anawalembera, ndipo mndandanda umenewo anthu oba maakaunti akuugwiritsabe ntchito mpaka lero. Woiwala azilandira linki pa imelo n'kudziikira yekha yatsopano. Django imasiya linki yotereyi ikugwira ntchito masiku 3, ine ndinaichepetsa kufika ola limodzi. Apo anavomera, ngakhale monyinyirika.

Koma pa masiku 30 paja anakana kusuntha. "Kulikonse amatero," basi. Ndinayesetsa kufotokoza kuti bungwe la ku America la NIST, limene ambiri amatsatira malangizo ake, linanena mu 2017 kuti anthu asamakakamizidwe kusintha pasiwedi nthawi ndi nthawi pokhapokha pali umboni woti yabedwa. Chifukwa chake n'chodziwikiratu kwa aliyense amene anaonapo anthu akugwira ntchito pa kompyuta. Munthu mukamutopetsa amangotenga pasiwedi yakale n'kuwonjezera 1, mwezi wamawa 2, kapena dzina la mwezi. Ena amalemba pa kapepala n'kumata pansi pa kiyibodi. Wakuba akadziwa ya mwezi watha, ya mwezi uno sangavutike kuiganizira.

Zimene ndinkafuna ine n'zina. Pasiwedi ikhale yaitali, ndipo pulogalamu izikana zofala ngati 123456, poti Django ili kale ndi mndandanda wa mapasiwedi 20,000 oterowo. Munthu akalakwitsa kangapo motsatizana azidikira kaye asanayesenso. Ndipo onse okhala ndi mphamvu zoyang'anira azilowa ndi nambala yachiwiri yochokera pa apu ya pa foni, ija ya manambala 6 imasintha pa masekondi 30 aliwonse. Ya pa meseji sindiikhulupirira kwenikweni, poti wina akangonamiza kampani ya foni n'kutengera nambala yanu pa simukhadi yake, meseji ija ipita kwa iye.

Chikundiwawa kwambiri si kutsutsanako ayi. Ndikuganizira anthu amene adzagwiritse ntchito pulogalamuyi, ena mwa iwo achikulire amene kompyuta anaiphunzira mochedwa ndipo amaiopa kale. Ndikuwaona m'mawa wina atatsekeredwa kunja, ntchito ikuwadikira, akuchita manyazi kufunsa. Anthu amenewa ndimawamvera chisoni kwambiri. Komanso abwana si munthu woipa, ndikuwamvetsa. Akuopa kuti tsiku lina akaunti ya munthu ikadzabedwa, adzafunsidwa kuti munachitapo chiyani, ndipo lamulo la masiku 30 n'losavuta kuloza. Zanga zija zimateteza bwino koma sizioneka.

Pomaliza anati, "Lembani maganizo anuwo, ndikakambirana ndi akuluakulu." Sananene kuti liti. Django ilibe pongodina kuti pasiwedi izitha mphamvu yokha, ndiye akakakamira ndiyenera kukhala pansi n'kulemba ndekha chinthu chimene sindikugwirizana nacho. Kalatayo ndayamba, koma ndaima pa chiganizo choyamba, poti mawu aliwonse amene ndikulemba akumveka ngati ndikuwaphunzitsa ntchito abwana anga.