Mzukwa wa pa nyumba 124 ndaumvetsa mochedwa

Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi buku la Beloved la Toni Morrison, ndipo ndi dzulo usiku pamene mutu unatseguka. Mtima wangokhala pansi tsopano.

Nkhani yake mwachidule: Sethe, mayi amene anathawa ukapolo, anapha mwana wake wakhanda kuti asabwezedwe ku ukapoloko, ndipo mzukwa wa mwanayo umavutitsa nyumba yawo, nambala 124. Vuto langa linali loti choopsa ndinkachisaka pa mzukwawo: kalilole wosweka, timanja ta khanda todinda pa keke, galu kumenyetsedwa kukhoma. Ndinkati, kodi izi n'zoti munthu anjenjemere nazo? Nthano za agogo pamoto zinkatiopsa kuposa pamenepa.

Ndiye ndinatenga pepala lalikulu n'kujambula mtundu wonse: mayi ake a Sethe pamwamba, apongozi ake Baby Suggs pambali, kenako ana a Sethe: Denver ndi alongo ake Howard ndi Buglar. Pa dzina lililonse ndinalemba ziwiri zokha: chimene anaona, ndi chimene sanachinene. Apo ndiye maso anatseguka. Denver sanapondeko ku Sweet Home, munda umene Sethe anali kapolo, chikwapu cha ku Kentucky sakuchidziwa, koma mnyamata wina atangomufunsa za mayi ake kusukulu, makutu anatseka zaka ziwiri. Bala si lake, koma akutsimphina ndi iyeyo. Chimene chikuidya nyumbayo ndi kukhala chete kwa zaka 18, mzukwawo wangobwera kudzadya nawo. Ndipo poti Morrison anayambira pa nkhani yeniyeni ya Margaret Garner, amene anapha mwana wake mu 1856 pokana kuti abwezedwe ku ukapolo, thupi limachita tsemwe zenizeni.

Ine ndatsimikiza, buku lililonse la zinsinsi za pabanja lingatseguke ndi pepala limeneli. Lililonse. Manotsi ena onse mutha kuwasiya.

Chondiwawa n'choti aphunzitsi athu anatha maola awiri akutilembetsa kuti linatuluka mu 1987, mphoto ya Pulitzer 1988, tanthauzo la gothic (nkhani zoopsa za mizukwa), koma za Denver anangodutsapo ngati pamsewu. Funso ukafunsa, akuti nthawi yatha. Mayeso ndi Lachisanu, masamba omalizira ndawerenga kamodzi kokha.

Ndinayesanso kujambula mtundu wathu. Pali mlongo wawo wa agogo amene dzina lake likangotchulidwa, amayi amadzuka kukaona mphika. Ndinafika pamenepo n'kuika cholembera pansi.

Koma Beloved mwiniwakeyo, mtsikana wachilendo amene anangofika panyumbapo, sindinamuikebe papepalapo. Ndi mwana wa Sethe wabwerera, kapena ndi mtsikana wosochera amene Sethe wamutenga ngati mwana wake chifukwa cha chisoni? Ndikamulemba pansi pa Sethe, ndimafufutanso.