Mawu anga abwerera, zikomo nonse

Abale anga a ku Mtendere ndi kwina konse, Lamulungu lapitali ndinatsogolera nyimbo ku kwaya ya amayi kuchoka vesi yoyamba mpaka yomaliza osatsokomola, ndiye ndati ndisangokhala chete ayi, ndithokoze poyera.

Ambiri mukudziwa mmene zinalili. Mawu kusasa m'mawa uliwonse, pakhosi ngati pakhala chinthu chokana kumezeka, khehe khehe tsiku lonse mpaka makasitomala anga ku msika wa Soweto kumabwerera m'mbuyo poganiza kuti ndi TB. Ena mpaka anati andilodza chifukwa cha udindo wa kwaya, mmm tizisiye zimenezo kkkk.

Zikomo a dokotala a ENT, oona za makutu, mphuno ndi pakhosi, ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka. Anayamba kuyeza makhololo, TB palibe, kenako analowetsa kachubu ka kamera m'mphuno mpaka kukafika pa kholingo, ine misozi ili chuchuchu, nkundionetsa pa sikirini pofiira ndi potupa pafupi ndi timinofu totulutsa mawu. Anati ndi LPR, asidi wa m'mimba pamodzi ndi pepsin, chija chimagaya nyama tikadya, zimakwera mpaka kukhosi. Ine nkutsutsa kuti chilungulira sindimva, iwo anangoseka nkunena kuti ambiri odwala matendawa sachimva, kholingo ndi lanthete kuposa njira ya chakudya moti asidi pang'ono chabe walipweteka kale. Anandipatsanso pepala la mafunso 9, lililonse umayankha 0 mpaka 5, zonse pamodzi zikapitirira 13 ndiye kuti pali vuto. Zanga zinapitirira kutali.

Iwe mwana wa akulu anga amene ukuphunzira unamwino, Mulungu akudalitse, unkabwera ndi foni yako kudzandimasulira zofufuza za madokotala ngakhale bando yako inali yovuta. Ndi iwe unandiuza kuti Dr Jamie Koufman wa ku America analemba za matendawa kale mu 1991, ndipo mpaka lero akatswiri akukanganabe za mankhwala ake. Ku Britain anatenga anthu 346 a vuto la pakhosi losatha, ena anawapatsa lansoprazole, mankhwala ochepetsa asidi wa m'mimba, kawiri pa tsiku kwa masabata 16, ena mapilitsi abodza, ndipo zotsatira zitatuluka mu magazini ya madokotala ya BMJ mu 2021 panalibe kusiyana kwenikweni. Zimenezi zinandidzidzimutsa chifukwa omeprazole amene ndinkamwa, mankhwala a mtundu womwewo, ndinkamuona ngati ndiye zonse. Sindinasiye ndekha, tinakafunsa a dokotala nkugwirizana kuti timwe kwa kanthawi koma ntchito yaikulu ili kukhitchini ndi kuchipinda.

Apa ndiye bambo a kunyumba, zikomo kwambiri atate a ana anga. Munatenga njerwa zotsala pa mpanda nkukweza miyendo ya bedi ya kumutu pafupifupi masentimita 15, usiku woyamba tonse tinkatsetserekera kumiyendo koma simunadandaule. Nsima tinkadya 21 hours nkugona pompo, pano ndi 18 hours kuti papite maola atatu tisanagone, magetsi akapita mumayatsa mbaula nokha ine ndisanafike kuchoka kumsika. Tsabola wanu mumathira pa mbale yanu pambali. Ana anadandaula za nkhuku yokazinga ndi Coke, pano azolowera nyemba, chibwabwa ndi kapenta wophika, kapena akungondinamiza nkumakadya kwa anzawo, kaya.

Amayi a kwaya, munandisungira malo anga miyezi yonse ija osandipanikiza, ndipo mlongo amene ankandigulitsira tomato ndikapita kuchipatala sanabwerepo ndi ndalama yoperewera.

Wina anandilembera ku inbox kuti amuna ake mawu asasa mwezi wathunthu ndiye ndimutumizire dzina la mapilitsi. Mayi, sinditumiza. Zikapitirira masabata atatu apite akawaone ndi kamera, chifukwa TB ya pakhosi ndi khansa zimayambanso chomwecho, makamaka ngati amasuta.

Lachinayi ndibwera ku practice, koma ndiyambire alto, soprano a dokotala ati ndisathamangire. Ndipo chonde vitumbuwa musandisungire.