Mbatatesi imene ndinapeza mu nsapato ku Reykjavík

Ndinafika ku Reykjavík, likulu la dziko la Iceland, m'mwezi wa Disembala, nthawi imene dzuwa limatuluka 11 koloko itadutsa kale ndipo limalowa 4 koloko isanakwane. Mnzanga amene ndinaphunzira naye anandilandira kunyumba kwake, nandipatsa chipinda cha ana ake awiri, iwo akugona kwa makolo awo.

Tsiku lotsatira anapita nane ku Geysir, malo amene nthaka yake imafuka nthunzi ngati mphika wa phala. Kumeneko kuli kasupe wotchedwa Strokkur, amene pakangopita mphindi zochepa amaponya madzi otentha m'mwamba mamita pafupifupi 20. Anthu onse anaunjikana mbali imodzi, ndipo ine nditaona kuti mbali inayo inali yopanda munthu, ndinapita kukaima komweko ndikudzitama mumtima kuti ndawachenjerera. Sindinadzifunse kuti mphepo inkalowera kuti. Madzi atathuvuka, mphepo inawanyamula n'kuwakhuthulira pa ine ndekha. Mwamwayi anali atazizira kale m'malere, koma posakhalitsa buluku langa linauma gwa ndi chisanu, moti pa mathithi a Gullfoss, amene anthu amati ndi okongola zedi, ndinkayenda chotang'adza, ndipo chimene ndimakumbukira ndi kugundana kwa mano anga basi.

Madzulo ndinaika nsapato zanga zonyowazo pazenera, pamwamba pa chitsulo chotenthetsera m'nyumba. Panali kale tinsapato tiwiri ta ana, ndipo ndinaganiza kuti nato tikuyanikidwa. Pakati pa usiku njala inandidzutsa, ndipo pokakhudza nsapato zanga kuti ndione ngati zauma, ndinapeza kuti mu kansapato kalikonse munali nachesi ndi chokoleti. Ndinadandaula kuti ana a masiku ano amabisa chakudya pamalo auve, choncho pofuna kuteteza thanzi lawo ndinazichotsa. Kunena zoona, ndinazisunga m'mimba mwanga.

Kutacha, ngakhale kunja kunali kudakali mdima wa ndiwe yani, ndinadzutsidwa ndi kulira kwa kamtsikana kakang'ono, kakufunsa chimene kanalakwa. Mlamu wanga anandifotokozera mofatsa, koma akulimbana ndi phwete, kuti kumeneko Khirisimasi ili ndi anyamata 13 otchedwa Jólasveinar, ana a chimfiti cha m'mapiri dzina lake Grýla. Kuyambira usiku wochezera pa 12 Disembala amatsika mmodzi mmodzi mpaka pa 24, ndipo aliyense ali ndi nkhuli kapena chipwirikiti chake: wina amanyambita masupuni, wina amaba masoseji, wina amamenyetsa zitseko usiku. Mwana wamakhalidwe abwino amamusiyira kamphatso mu nsapato ya pazenera, pamene wopulupudza amamusiyira mbatatesi. Ndinazindikira kuti mnzanga uja ananyang'ama m'chipindamo ine ndili mkonono, ndipo ndinadya ntchito yake yonse.

"Alamu, pepani kwambiri, ndikagula zina," ndinatero.

Anayankha kuti zimenezo sizingatheke chifukwa mphatso zoterozo sizichokera kusitolo, ndipo anawo ankamvetsera. Ndinaulula mlandu wanga pamaso pa anawo, makoko a nachesi ali m'thumba la jekete monga umboni. Wamkuluyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka ananena mawu ena m'chinenero chawo amene anagwetsa bambo ake pampando ndi kuseka. Anati ndine mnyamata wa nambala 14, wakuba za mu nsapato.

M'mawa mwake ndinalowetsa phazi mu nsapato yanga yakumanja, chala chachikulu n'kugunda chinthu cholimba. Inali mbatatesi yaikulu, yadothi lake, ndipo ya kumanzere inalinso ndi yake. Anawo anali atasuzumira pakhomo kudikira kuti ndilire. Ndinazitsuka, ndinaziphika ndi kamchere, ndipo kamtsikana kaja kanabwera ndi mbale yake kudzapempha gawo.